Chiphaso cha Mchombo Woyera

"Ine Lufeyo Kwenda chitseko sichinandikanizepo," ankatero mkuluyo akakhala pakhomo pa shopu yake yodulira makiyi mu Msika wa Nong'onezani, mwendo atausanjika pa unzake kuti odutsa aone bwino nsapato zake zosongoka. "Ndayenda maufumu asanu ndi awiri. Ndinachoka kuno ndi kabudula mmodzi ndi tupa m'thumba, wondigwira dzanja panalibe. Ku Mchengawotentha ndinatsegula bokosi lachitsulo limene linagonjetsa akatswiri khumi. Ku Mapirioyera ananditsekera m'ndende molakwitsa, ine ndinatuluka kukagula fodya, n'kubwerera, n'kudzitsekeranso kuti ndiwadikire adzapepese. Zitseko zimandidziwa. Chitseko cholimba koposa m'dziko muno ndikhoza kuchitsegula nditakhala pa benchi, manja nditapinda."

"Sabata yatha akatswiri aja anali asanu ndi mmodzi, a Kwenda," ankayankha mayi wa tomato woyandikana naye. "Akuswana?"

Pakamwa pa Lufeyo pankachita kusefukira, n'zoona, koma manja ake sankanama. Loko wa Nyumba ya Zinsinsi ku likulu anasula ndi iyeyo zaka khumi m'mbuyomo, pamodzi ndi kiyi wake, chikiyi chotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, cholemera theka la kilo. Chimodzi chokha chimene sankatchula pa nkhani zake zonse n'chakuti tupa uja anamugulira ndani.

Dzikolo linali Ufumu wa Kayikirani, ndipo woulamulira anali Mfumu Njenjemera Yachitatu, imene inalowa chifumu cha atsibweni ake amene anamwalira atadzidzimuka ndi papaya logwera pa malata. Malire a Kayikirani ndi dziko loyandikana nalo la Tsidyalina anali mtsinje wa Dumphani. Pa mapu a boma mtsinjewu anaujambula waukulu zedi, koma m'chilimwe nkhuku zinkawoloka osanyowetsa nthenga. Anthu a mbali ziwirizi anakhala akukwatirana chiyambire makolo, moti mkazi akapsereza ndiwo ku Kayikirani, woyamba kudandaula ankakhala apongozi ake a ku Tsidyalina.

Mavuto anayamba pa Tsiku Lokumbukira Kulimba Mtima. Mfumu inali pa nsanja, ikulankhula kwa anthu zikwi zisanu. Itafika pa mawu akuti "sitiopa munthu", mano ake oikirira anafwamphuka, anadutsa pamwamba pa nduna ziwiri, n'kukagwera pa ng'oma ya asilikali. Ng'omayo inalira kamodzi. Manowo anasweka pakati. Anthu onse anaweramitsa mitu ngati ataya singano. Patapita masiku atatu ana a ku Tsidyalina anali akuimba kale nyimbo ya mano ouluka.

Bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi kuti lipeze amene anaulula chinsinsicho.

"Chinsinsi chilibe miyendo, mwini dziko," anatero Bwana Kasefa, nduna ya chitetezo, munthu wowonda ngati nsungwi, amene ankanunkhiza kalata asanaiwerenge. "Chimabwereka miyendo ya abale. Chimapita kukapepesa maliro, chimakavina pa ukwati, chimakaona mwana wobadwa kumene. Munthu amene ali ndi m'bale kutsidya ndi mtsuko wobooka."

Nduna ina yokalamba inakweza dzanja. "Komatu mano aja anagwa dzuwa likuswa mtengo, anthu onse aku..."

Isanamalize, zinapezeka kuti agogo ake aakazi anaikidwa ku Tsidyalina. Anaitulutsa ili chikhalire pa mpando, mpandowo n'kuubweza. Mfumu, imene chichitikire ngoziyo inkalamulira itagwira pakamwa, inang'ung'udza kenakake. Bwana Kasefa anamasulira kuti mwini dziko wavomera.

M'mawa mwake lamulo linawerengedwa m'misika yonse. Panakhazikitsidwa Nthambi Yofufuza Michombo. Aliyense wofuna kuyandikira Nyumba ya Zinsinsi mapazi makumi anayi ankayenera kukhala ndi chiphaso. Wopanda m'bale aliyense kutsidya, wamoyo kaya wakufa, wa magazi kaya wa ukwati, anali wa mchombo woyera. Wokhala naye anali wa mchombo wothimbirira. Koma poti boma ndi lachifundo, wothimbirira ankatha kukwera pa mgolo pakati pa msika, kukana m'bale wakeyo mokweza, n'kukhala wa mchombo wochapidwa.

Sabata imeneyo mgolo sunazizire. Woyamba kukwera anali Bwana Kasefa mwini, amene anakana mlongo wake Mwatitha mawu osanjenjemera n'pang'ono pomwe. Pambuyo pake panabwera mzere wa nduna, alembi ndi akuluakulu a asilikali, aliyense ndi kapepala ka maina.

"Kanani mokweza, bwana," mayi wa tomato uja anauza nduna ya zaulimi. "Mayi anu aja khutu linagontha."

"Tsiku la maliro a anthu awa bokosi lidzanyamulidwa ndi ziphaso," anatero wogulitsa nkhuni, akumanga mtolo.

Atapeta dziko lonse, wa mchombo woyera chibadwire anapezeka mmodzi yekha. Dzina lake linali Msiyeni. Abale ake a mbali zonse ziwiri anamukana kalekale, popanda mgolo, chifukwa choba mbuzi ya pa maliro a bambo ake omubala. Bwana Kasefa atamuona misozi inalengeza.

"Uyu ndiye mwana weniweni wa Kayikirani," anatero pomukoleka kiyi wa Nyumba ya Zinsinsi m'khosi. "Alibe woti n'kumuuza kanthu."

"Alibenso woti n'kumuchitira manyazi," unanong'ona msika.

Mwezi usanathe kiyi anasowa. Msiyeni ankakumbukira kuti panali botolo la kachasu ndi munthu wina wogula zitsulo zakale, koma kuti chinayamba n'chiti sankadziwa. M'nyumbamo munali chidindo cha ufumu, zidindo zonse za boma, komanso mano agolide amene mfumu inasungira alendo. Ndipo mlendo anali m'njira: mfumu ya ku Tsidyalina inali kubwera pakatha masiku makumi awiri kudzasaina pangano la madzi a Dumphani. Kusaina kumafuna chidindo. Kumwetulira kumafuna mano.

Apa m'pamene anaitana Lufeyo Kwenda.

Anapita atapukuta nsapato zake mpaka zinkaonetsa mitambo. Mu ofesi ya Nthambi Yofufuza Michombo munali tebulo, benchi la thabwa limodzi, ndi msomali pakhoma. Pa msomalipo panapachikidwa jekete lofiira la mabatani asanu ndi atatu onyezimira.

"Limenelo ndi la Mkulu wa Maloko a Ufumu," anatero Bwana Kasefa. "Udindo watsopano. Mukatsegula chitseko ndi lanu."

Lufeyo anayandikira msomali uja. Maufumu asanu ndi awiri anamuombera m'manja, koma kwawo kuno ankangomutcha uja wa makiyi. Analiyang'ana jeketelo n'kudziona ali m'kati mwake, akudutsa mu Msika wa Nong'onezani, amayi a tomato atasowa chonena.

"Tiyeni kuchitsekoko, bwana. Madzi a tiyi asanawire chikhala chitatseguka."

"Khalani pa benchipo. Muli ndi chiphaso?"

"Lokoyo ndinasula ndine."

"Sindinafunse zimenezo. Mchombo wanu unakwiriridwa kuti?"

"Kuseri kwa nkhokwe ya malemu mayi anga, mbali ino ya mtsinje. Ndikanadziwa ndikanabwera nawo."

"Muli ndi m'bale kutsidya?"

"Mlongo wanga Nakwenda. Anapita chitengwa kwa mwamuna wake, wokhoma mbaula ndi zidebe. Ndipo apa ndikuthandizeni, bwana. Chitsulo chilichonse chotayika kuno chimathera kwa alamu angawo. Mundilole nditumize mawu, kiyi wanu afika lero lomwe."

Bwana Kasefa analemba, uku akuwerenga mokweza: "Wavomera kuti amatumizirana mawu ndi akunja pa nkhani ya zitsulo za boma." Anatseka buku. "Bwerani mawa."

Mawa lake anamufunsa ngati anapitako kunja. Limeneli ndilo funso limene Lufeyo anakhala akulidikira moyo wake wonse. Anakhala bwino, anasanjika mwendo, n'kuyamba ndi Mchengawotentha. Zinatenga masiku anayi. Akatswiri aja anafika khumi ndi awiri. Bwana Kasefa anadzaza mabuku awiri, ndipo nkhani ya ndende ya ku Mapirioyera anaidula mzere kunsi. Kenako anafunsa za galu wa Lufeyo, kuti make anali wa mbali iti. Anafunsa ngati amalota ali kutsidya. Tsiku lililonse linkatha ndi mawu omwe aja, ndipo thabwa lija linayamba kumudziwa Lufeyo kuposa mmene mpando wa kunyumba kwake unkamudziwira.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Lufeyo anafunsa naye.

"Bwana, tinene kuti ndapambana mafunso onsewa. Chiphasocho mudinda ndi chiyani?"

"Ndi chidindo cha nthambi ino."

"Chili kuti?"

"M'Nyumba ya Zinsinsi."

"Ndiye ndikatsegule."

"Mulibe chiphaso."

Kenako Bwana Kasefa anatsitsa mawu, n'kunena kuti boma lapeza njira. Lufeyo akwere pa mgolo mawa, tsiku la msika, akane mlongo wake, ndipo iye amupatsa chiphaso cha pakamwa. Anachotsa jekete pa msomali n'kumuveka kuti angoyesa. Linamukwana ngati telala anamuyeza ali m'tulo.

Popita kunyumba Lufeyo ankadzilankhulira yekha. Ndi mawu chabe, ankatero. Mawu sadula magazi. Nduna zonse zinakana, kodi zinafa? Nakwenda ndi munthu womvetsa, adzaseka. Akadzalandira udindo adzamutumizira shuga ndi sopo mwakachetechete, nkhani n'kutha. Anafika kunyumba atadzikhutiritsa, kungoti chakudya chinamukanika.

Loweruka, tsiku lachisanu ndi chinayi, msika unadzaza. Amalonda a ku Tsidyalina anali atawoloka monga mwa masiku onse, popeza lamulo linaletsa kukhala ndi abale koma silinaletse kugula nyemba zawo. Lufeyo anafika atavala jekete lija, Bwana Kasefa ali pambali pake ndi pepala la mawu okanira. Atayandikira mgolo anaona mayi wonenepa wa duku lobiriwira atakhala pa thumba la nyemba kutsogolo kwenikweni, ngati munthu amene analawirira kudzapeza malo abwino.

"Kwerani bwino, achimwene," anatero Nakwenda. "Nsapato zosongokazo zingakugwetseni."

Lufeyo anakwera. Anatambasula pepala.

"Mukane mokweza," mayiyo anapitiriza, akutola tizitsotso mu nyemba, "kuti ndikawafotokozere bwino ana kuti atsibweni awo anamezedwa ndi jekete. Koma mundiuziretu chimodzi. Mwana wanga Lute akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo mwini mbumba ndinu. Akakhale nkhoswe ndani? Bwanawa?"

"Mayi, musasokoneze mwambo wa boma," anatero Bwana Kasefa.

"Sindikusokoneza, bambo, ndikumuthandiza. Za tupa uja musade nkhawa, achimwene. Nsalu yanga ya ukwati imene ndinagulitsa kuti ndikugulireni bwenzi pano itang'ambika kale. Ndinaiiwala."

Mayi wa tomato anayang'ana Lufeyo, n'kuyang'ana Nakwenda. "Paja wokugwirani dzanja panalibe, a Kwenda," anatero mofatsa.

Lufeyo anayang'ana pepala. Mzere woyamba unali wakuti "Ine Lufeyo Kwenda", mawu amene anawanena kambirimbiri m'maufumu asanu ndi awiri, chifuwa chili patsogolo. Anakumbukira m'mawa umene ankachoka, mlongo wake ali ndi chitenje chakale chozilala, akumuika tupa m'thumba n'kumuuza kuti asabwereko chimanjamanja.

"Ine Lufeyo Kwenda," anatero, mawu akukwera, "ndili ndi mlongo mmodzi. Ndi uyo apoyo, wa nyemba zokwera mtengo. Tupa amene anatsegula maufumu asanu ndi awiri anagula ndi iyeyo. Amene akufuna kuchapa mchombo wanga akayambe wafukula kuseri kwa nkhokwe."

Anamasula mabatani asanu ndi atatu aja limodzilimodzi, n'kupereka jekete kwa Bwana Kasefa.

"Mwadzitsekera nokha chitseko," inatero ndunayo. "Simudzayandikiranso Nyumba ya Zinsinsi."

"Sindifunika kuyandikira, bwana. Ndichitsegula nditakhala pa benchi, manja nditapinda. Amayi awa ndi mboni, akhala akundimva."

Poperekeza mlongo wake ku mtsinje madzulo ake, Lufeyo anali chete, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Mukanakana, inu," anatero Nakwenda. "Ndinakuonani mmene mumasisitira mabatani."

"Ndikanakana," anavomera Lufeyo. "Kiyi ali kwanu?"

"Ali pa sikelo yanga. Alamu anu ankafuna kusula kambwiri, ine ndinamuyeza n'kupeza theka la kilo ndendende. Kwathu anthu sanenanso kuti theka la kilo. Amati ndipatseni kiyi mmodzi wa nyemba."

Zinapezeka kuti misika yonse iwiri inkadziwa zimenezi. Osadziwa anali a chitetezo okha, chifukwa kuti munthu awauze ankayenera kuvomera kuti anawolokapo.

Tsiku lotsatira nduna za michombo yochapidwa zinapita kuchitseko ndi nyundo, nkhwangwa ndi misi iwiri. Pofika masana nduna ya zaulimi inali itathyoka chala, ya zamaphunziro itadzimenya pa bondo, chitseko chilibe ngakhale chipsera. Lufeyo atamva anagulira amayi a tomato mandasi. Kutumiza asilikali kutsidya kukafunafuna kiyi kukanakhala nkhondo, ndipo mfumu itangomva mawu akuti nkhondo inalowa kunsi kwa tebulo. Choncho Bwana Kasefa anatsegula buku lake loyamba, anawerenganso umboni wa tsiku loyamba uja, wakuti chitsulo chotayika chimathera kwa alamu a Lufeyo, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuwoloka Dumphani yekha.

Khomo la Nakwenda linali m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Lufeyo ananyamula benchi la pa shopu yake, analiika pa gombe la Kayikirani moyang'anizana ndi khomolo, anakhala, n'kupinda manja. Zonse zinkamveka ngati ali m'nyumba imodzi.

"Mayi, kiyi ameneyo ndi katundu wa Ufumu wa Kayikirani," inayamba ndunayo.

"Ngati ndi choncho ndi katundu wa mlandu," anayankha Nakwenda, akuyezera kasitomala nyemba ndi kiyi yemweyo. "Ine ndine mkazi wa mbumba. Mlandu sindikamba ndi alendo popanda mawu a mwini mbumba. Kapena kwanu munasiya mwambo umenewu?"

"Ndigula."

"Sagulitsidwa. Khalani pa benchipo."

Bwana Kasefa anatembenukira kumtsinje. "A Kwenda, auzeni alongo anu apereke kiyi."

"Pepani, bambo," anayankha Lufeyo, "ine sinditumizirana mawu ndi akunja pa nkhani ya zitsulo za boma. Zinalembedwa. Inu muli kunja. Bwerani mawa."

Mawa lake anabwera. Mkuja anabweranso. Nkhani inamveka, ndipo magombe onse awiri anadzaza anthu. Ogulitsa chimanga chootcha anasamukira komweko. Dzuwa la mwezi wa Okutobala silinkasankha michombo, ndipo benchi la Nakwenda linali pa mtetete. Masana aliwonse mayi wina wamtali, woyandikana nyumba ndi Nakwenda, ankabwera ndi chikho cha madzi, kugwada, n'kumupatsa Bwana Kasefa. Anali Mwatitha, mlongo wake uja anamukana. Ndunayo inkalandira chikho ikuyang'ana kumbali.

"Imwani, bambo," ankatero Mwatitha. "Kwathu kuno mlendo sitimufunsa mchombo. Mumafanana ndi munthu wina amene ndinamubereka kumbuyo ali ndi chikuku, koma uja anamwalira pa mgolo."

Tsiku lachinayi Bwana Kasefa anaopseza. Lachisanu analonjeza jekete ndi chipewa chomwe. Lachisanu ndi chiwiri anatchula Lufeyo kuti achimwene. Lufeyo ankangoyang'ana nkhuku zikuwoloka. Manja ankachita dzanzi, msana unkawawa, ndipo kawiri konse mtima unamuuza kuti walanga mokwanira. Koma akakumbukira thabwa la mu ofesi muja, ankawerenga masiku n'kupeza kuti sanakwane.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, mlendo atatsala tsiku limodzi kuti afike, ku likulu ankasesa misewu ndi kupaka laimu mitengo. Bwana Kasefa anaima m'mphepete mwa madzi, buluku lili lopindapinda, nkhope itapsa ndi dzuwa.

"A Kwenda, mawa mfumu ikalephera kumwetulira mutu wanga ndi umene udulidwe. Nenani chimene mukufuna."

"Funso limodzi lokha, bwana. Inu munandifunsa mabuku awiri." Lufeyo anadikira kuti anthu akhale chete. "Muli ndi m'bale kutsidya?"

Ndunayo inayang'ana gombe la kwawo. Pakati pa anthu panali wachiwiri wake wa ku Nthambi Yofufuza Michombo, buku lili lotsegula, cholembera chili m'manja, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene waona mpando utatsala pang'ono kukhala wopanda mwini. Inayang'ana kiyi pa sikelo. Inayang'ana chikho chimene chinali pansi pa benchi.

"Ndili naye," inatero.

"Mokweza, bwana," anatero mayi wa tomato. "Madziwa akusokosera."

"Ndili ndi mlongo. Dzina lake Mwatitha. Bere limodzi."

Mwatitha anatola chikho chake n'kuchikutumula. "Akufa akuuka chaka chino," anatero. "Ukabwere udzadye, Kasefa. Wawonda ngati wopanda abale."

Lufeyo anangogwedeza mutu kamodzi movomera. Nakwenda anachotsa kiyi pa sikelo, anamupukuta ndi chitenje, n'kumutambasulira ndunayo. Koma dzanja la Bwana Kasefa lisanafike, wachiwiri wake uja anakhosomola kutsidya.

"Pepani, bwana. Mwavomera pamaso pa mboni kuti muli ndi m'bale kunja. Mchombo wanu wathimbiriranso. Malinga ndi lamulo limene munalemba nokha, simungakhudze kiyi ameneyo."

Anachita kukamudzutsa Msiyeni pansi pa mtengo wa mango. Anawoloka akudzandira, analandira kiyi, anamuyang'anitsitsa ngati akuyesa kukumbukira kumene anakumana naye, n'kubwerera asilikali anayi atamuzungulira kuti asakumanenso ndi wogula zitsulo. Patapita kanthawi lipenga linalira ku likulu, ng'oma ya asilikali n'kuyankha. Chitseko chinali chitatseguka.

Anthu onse anatembenukira kwa Lufeyo. Anali chikhalire pa benchi, mwendo uli pa unzake, manja ali chipindire.

"Akatswiri aja analidi khumi, a Kwenda," anatero mayi wa tomato. "Sitidzatsutsanso."

"Khumi ndi awiri," anatero Lufeyo.

Mawa lake Mfumu Njenjemera Yachitatu inamwetulira ndi mano agolide mpaka mlendo anaphimba maso. M'mawu ake inathokoza lamulo la Mchombo Woyera, limene linapulumutsa dziko pa nthawi yoopsa, ndipo inalamula kuti mapazi makumi anayi aja akhale makumi asanu ndi atatu. Msiyeni anamupatsa mendulo ya kukhulupirika n'kumuveka jekete lofiira la Mkulu wa Maloko a Ufumu. Pofika Lachitatu jeketelo linali ndi mabatani asanu.

Lolemba lotsatira Lufeyo anadutsa pa ofesi ya Nthambi Yofufuza Michombo n'kusuzumira pawindo. Pa tebulo panali bwana watsopano. Pa thabwa lija panali Kasefa, chipewa chili pa maondo, akufotokoza za make wa galu wake.

"Masiku anga asanu ndi anayi ndinalandira onse, a Kasefa," anatero Lufeyo. "Amene mukukhala panowa ndi anuanu."

Inatsala ngongole imodzi. Nakwenda anatumiza mawu kuti sikelo yake yasanduka yamasiye, makasitomala akukana mwala wamba, akuti nyemba za mwala sizikoma ngati za kiyi. Lufeyo anatseka shopu masiku awiri. Anatulutsa tupa wakale uja, amene anali atatha mpaka kusalala m'mbali, anasankha chitsulo chabwino, n'kuyamba kupala. Sanafunike chitsanzo. Loko anasula yekha, ndipo mano a kiyi wake ankawadziwa kuposa mmene mfumu inkadziwira ake.

Pa tsiku la chinkhoswe cha Lute anavula nsapato zosongoka, anazinyamula m'manja, n'kuwoloka Dumphani dzuwa lili pamutu, alonda a m'malire akumupatsa moni. Asanakhale pa mpando wa mwini mbumba anapita pa sikelo ya mlongo wake n'kuikapo kanthu kokulunga m'nsalu yatsopano.

"Nsaluyo ndi ya ukwati ija," anatero. "Yachedwa zaka makumi atatu."

Nakwenda anamasula, anayang'ana kiyi wonyezimirayo, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Ameneyu angatsegule Nyumba ya Zinsinsi?"

"Bwinobwino, kuposa wakale uja."

"Ine zinsinsi zanu ndilibe nazo ntchito," anatero mayiyo, akuthira nyemba mbali inayo. "Bola kulemera."

Sikelo inagwedezeka, inagwedezekanso, n'kuima chilili. Theka la kilo ndendende, osaperewera ngakhale nyemba imodzi.